Kuperekeza a Gerisomu ku Dambe

Ine maulendo sindiwakonda. Mawondo anga ndi minibasi sizimvana, komanso ndikangochoka pa makina anga osokera ku Ndirande tsiku limodzi, makasitomala amayamba kunena kuti Nambewe wathawa ndi nsalu zawo. Koma ulendo wa ku Neno uwu ndinaupempha ndekha, palibe anandikakamiza.

Ndiyambe ndi a Gerisomu, poti eni ulendo ndi iwowo. Tili ndi gulu pa foni la anthu ofufuza kumene makolo awo anachokera. Muli aphunzitsi, muli ageni, muli ana a machona obadwira ku Joni ndi ku Zambia amene Chichewa chawo chimayenda motsimphina. Wina amalemba dzina la agogo ake, mfunda wawo, ndi kamudzi kamene anamvapo ali mwana, ndiye amene ali pafupi ndi deralo amakafunsa. Ine ndinalowamo chifukwa cha bambo anga. Mayi anamwalira atatseka pakamwa, chimene ndinkadziwa n'chakuti bambowo ankagwira ntchito ya njanji, basi. A Gerisomu, munthu wokhala ku Harare amene sindinamuonepo ndi maso, ndiwo anaisenza nkhaniyo ngati yawo. Ankaimbira anthu opuma ntchito ya njanji mmodzimmodzi, mayunitsi awoawo, mpaka anandipezera azakhali anga awiri ku Balaka. Tsiku limene ndinakhala pamkeka pakati pawo n'kuona mphuno yanga pankhope ya munthu wina, ndinalira mosaona kuti ndine wamkulu. Nditafunsa a Gerisomu kuti ndiwathokoze ndi chiyani, anangoti, "Achemwali, likadzafika tsiku la wina, mudzaimirire inu."

Chowawa n'chakuti iwo eni ake kwawo sankakudziwa. Bambo awo, a Yotamu, anachoka ku Neno ali mnyamata kupita kumigodi ya ku Zimbabwe, n'kutchona. Anakwatira konko, anafera konko, ndipo mwana wawo anangomusiyira dzina la Dambe ndi mfunda wa Mwale. Chaka chatha a Kumwenda, mlangizi wa zaumoyo wochokera ku Rumphi amene amagwira ntchito ku Dambe, analemba pagulu kuti apeza mayi wina wachikulire, mayi Esinati, amene bambo ake anali a Yotamu Mwale opita ku Halale. Gulu linatekeseka. Aliyense ankatumiza tizithunzi ta manja owomba, ine ndemwe ndinatumiza tambirimbiri. Koma a Gerisomu anali kale m'chipatala, kuyankhula atasiya, ndipo sabata yomweyo anatisiya.

Atatha maliro, mwana wawo wamkazi Rudo analemba kuti bambo ake awaika ku Harare konko, koma anasiya mawu akuti jekete lawo la ku tchalitchi likakwiriridwe kumudzi kwa bambo awo, kuti kanthu kawo kagone kwawo. Rudoyo pasipoti analibe. Pagulu panati zii. Ine ndinayang'ana foni, ndinayang'ana makina, n'kulemba kuti ndipita ndine. Mantha anga anali amodzi: a ku Dambe akakana, jeketelo ndikalibwezera kuti, poti mwini wake anathandiza gulu lonse kupeza kwawo?

Jekete linabwera pa basi ya ku Harare. Ndinakalitenga ku depoti ya mabasi ya Wenela m'mamawa, litakulungidwa m'jumbo yomata ndi selotepi mbali zonse. Ndinatsegula pang'ono kuti nditsimikize. Linali lofiirira, lositidwa bwino, nsalu yolemera ya makedzana, likununkhira mankhwala a njenjete ndi kafodya patalipatali. Ine telala ndimadziwa chovala chimene mwini wake ankachikonda, m'kolala munali mutasokedwanso ndi manja. Kondakitala anandiuza kuti basi inadzera ku Mwanza, ndiye kuti a Gerisomu anali atadutsa kale pamphambano ya ku Neno osadziwa kuti ndi njira ya kwawo. Ndinaliika m'chikwama changa pamodzi ndi shuga ndi sopo wokapereka.

Minibasi ya ku Zalewa inatichedwetsa monga mwa nthawi zonse. Oitanira ankalumbira kuti kwatsala munthu mmodzi, pamene anayi mwa okhala m'katimo anali anzawo ongodzazitsa mipando. Itadzaza, kondakitala anandilanda chikwama n'kuchikankhira pansi pa mpando wakumbuyo, pambali pa chidebe cha usipa. Tinadutsa Lunzu, Lirangwe, Mdeka, ine tulo tikundigwedeza, ndipo mlatho wa Shire ndinangoumva ndi kusintha kwa kulira kwa matayala. Pa rodibuloko wapolisi analoza chikwamacho kufunsa kuti muli chiyani. Ndinati zovala, ndipo sindinaname.

Pa Zalewa kumatentha ngati wina wakwiya nawe. Ndinakhala pakhonde la golosale kudikira matola a ku Neno, ogulitsa mbalame zokazinga ndi malambe akundizungulira ngati ndawakongola moni. Pikapu inalipo, koma dalaivala anali atapita kukasaka mafuta. Dzuwa linafika paliwombo tisananyamuke. Titakwera, tinali thothotho: amayi a madengu opanda kanthu ochokera kogulitsa manachesi, mphunzitsi wina atakumbatira matiresi, ndi bambo wina wachikulire wovala tayala la njinga m'khosi, amene anthu ankamutchula kuti a Fulaye. Malo okhala kunalibe. Ndinaponya chikwama pansi n'kukhalapo, poti chinali chofewa.

Titasiya tala n'kukhotera msewu wafumbi, zinayamba kuyenda bwino ndithu. Kenako tinatsetsereka kulowa pakamtsinje kena kopanda mlatho, kongoyalidwa simenti pansi, madzi ake olekeza m'kakolo. Matayala akutsogolo atangotsala pang'ono kukhudza madzi, injini inazima. Dalaivala anatsika, anatsegula kutsogolo, anayamwa paipi ya mafuta n'kulavula. Inalira. Anaibweza m'mbuyo pang'ono kuti abwere ndi mphamvu, itafika pamalo pomwe paja inazimanso. Amuna anakankha mpaka thukuta kamukamu, koma kutsidya kunali chitunda, galimoto inkangobwerera. Tinatsika tonse n'kukhala pamiyala. Netiweki kunalibe, nyumba pafupi kunalibe, ngakhale mbalame sizinkalira. Mumtima ndinati, Nambewe, walira mvula walira matope.

Tinakhala pamenepo mpaka mithunzi inayamba kutalika. Ndinawerama kuti nditenge madzi akumwa m'chikwama, ndipo foni imene ndinaimangirira m'chitenje inapanikizika. Mwadzidzidzi panamveka mawu a mwamuna, okweza, a Chichewa chosakanikira Chishona.

"Achemwali, kodi mwafika pati tsopano? Musamangoyenda osandiuza."

Anali a Gerisomu. Ndikudziwa bwino lomwe kuti unali uthenga wakale, wa tsiku lija ndinkapita ku Balaka kukaona azakhali anga, sindinaufufute. Koma mwa mauthenga onse a m'foni muja, bwanji umenewo, bwanji pamenepo? Ndisanauzimitse, unabwerezanso kachiwiri.

"Amuna anu akudandaula, mayi," anatero a Fulaye akuseka. "Netiweki mwaipeza kuti?"

Ndinawauza kuti si amuna anga, ndipo mwini mawuwo anamwalira. Kenako ndinafotokoza zonse, za gulu, za jekete, za ku Dambe. Amayi a madengu anasendera kutali pang'onopang'ono. A Fulaye kuseka kunatha. Anavula tayala lija m'khosi n'kuliika pansi.

"Jeketelo lili kuti?"

Ndinaloza chikwama.

"Chimene mwakhalira kuchokera pa Zalewa chija?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Nanga pa Shire munawauza kuti tikuwoloka?"

Ndinati ine ndine mayi wa Mvano, zoyankhula ndi zovala sindinaziphunzire.

"Ifenso ndife a mpingo, mayi, ndipo ine ndine mdzukulu kwathu, manda ndakumba ambiri," anatero mosakweza mawu. "Munthu amene wapita sawoloka madzi osauzidwa. Uyu ndi mlendo, dziko lino sanalipondepo. Mwamuika ndi usipa, mwamukhalira, mwamuwolotsa mtsinje waukulu ngati thumba la makala. Inuyo akanakutengani choncho mukanapitiriza ulendo?"

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo. Munthu amene anandipezera abale, ine n'kumusandutsa mpando. Ndinatulutsa jumbo ija m'chikwama, ndinaipukuta fumbi ndi chitenje, n'kupita nayo m'mphepete mwa madzi.

"A Gerisomu, ndine Nambewe. Pepani, ndakulakwirani. Shire tawoloka kale, Zalewa tadutsa. Pano tili pakamtsinje, dzina lake sindikulidziwa. Tikupita kwa bambo anu."

Dalaivala, amene nthawi yonseyi anali pansi pa galimoto, anatuluka n'kunena kuti wapeza zinyalala m'sefa ya mafuta ndipo wazichotsa. Analiza injini, inalira, ndipo tinawoloka. Ine dalaivala sindikumutsutsa, galimoto amaidziwa ndi iyeyo. Ndikungonena mmene zinthu zinatsatirana. Koma anatsitsa mphunzitsi uja pampando wakutsogolo n'kundiuza kuti ndikhale pamenepo ndi mlendo wanga pamiyendo. Kuyambira apo, kamtsinje kalikonse, ngakhale kouma, ndinkanong'oneza kuti tikuwoloka, dalaivala n'kumachepetsa liwiro osandiyang'ana.

Pa Neno Boma tinafika dzuwa litapendeka, sitolo zikutsekedwa. A Fulaye potsika anagwira chipewa n'kuweramira jumbo ija, osati ine. Ndinagona pa resitihausi ina kuseri kwa msika. Jekete ndinalikoleka pampando, koma nditaona mmene mapewa ake anakhalira ngati muli munthu, ndinalipindanso bwinobwino. Tulo sindinatione kwenikweni.

M'mawa ndinakwera njinga yamoto ya kabaza. Msewu wa ku Dambe ndi wokwera basi, kukhota, kukweranso. Kutentha kwa dzulo lake kunasanduka chisanu cholowa m'mafupa, nkhungu itaphimba mapiri moti patsogolo sitinkaona patali. Pamalo ena wakabaza ankanditsitsa kuti ndiyende pansi, njinga ikuterereka pamiyala. Ndinkakwera zitundazo ndikupuma mwabefu, jumbo ili pachifuwa. Nthawi ina ndinazindikira kuti ndikuyankhula nawo za wamba, kuwaonetsa minda ya mbatatesi, kuwauza kuti kwanu kuno n'kozizira, jeketeli munasankha bwino.

A Kumwenda anatichingamira pafupi ndi chipatala cha ku Dambe. Munthu waulemu, koma nkhope yake sinali ya munthu wolandira alendo. Tikuyenda kanjira kopita kumudzi, anakhosomola kaye.

"Mayi Nambewe, pali chimene muyenera kudziwa. Mayi Esinati aja ndinangowafunsa dzina la bambo awo tsiku limene anabwera kudzayezetsa magazi. Atatchula Yotamu Mwale, ine chimwemwe, ndinathamangira kulemba pagulu. Chifukwa chimene ndinafunsira sindinawauze. Kenako a Gerisomu atamwalira, ndinasowa poyambira."

"Ndiye kuti sakudziwa kuti tikubwera?"

"Akudziwa kuti kukubwera mlendo wa ku Blantyre. Zina zonse ayi."

Tonse pagulu paja tinawomba m'manja kuti apezeka, apezeka, koma panalibe ndi mmodzi yemwe anafunsa ngati opezekawo akufuna kupezedwa. Kubwerera sikukanatheka, denga la nyumba yawo linali likuoneka kale.

Tinawapeza pakhonde akusankha mbatatesi za mbewu. Mayi wamfupi, wowuma thupi, wa maso akuthwa, atavala juzi ziwiri. Anatiyalira mphasa, tinapatsana moni wa mmodzimmodzi, ndinapereka shuga ndi sopo. Kenako ndinayamba nkhani yanga, mozungulira, kuyambira ku gulu. Ankamvetsera manja akugwirabe ntchito. Nditafika poti a Yotamu anakwatira ku Zimbabwe n'kubereka mwana wamwamuna, manja aja anaima.

"Mwasokoneza anthu, mayi," anatero. "Bambo anga anafera mumgodi ine ndisanayambe kuyenda. Anabwera ndi uthengawo ndi munthu amene anali nawo konko."

A Kumwenda anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi chimene Rudo anatumiza pagulu: a Yotamu ali nkhalamba ya imvi, atakhala pampando, chala chimodzi cha kumanja chili chodukira pakati. Mayi Esinati anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Chala icho anadulidwa ndi nkhwangwa ali mwana. Mayi ankanena." Anabweza foniyo ngati yotentha. "Imvi zimenezi anamera liti, poti anafa ali mnyamata?"

Anayamba kuyankhula okha, maso ali kuphiri.

"Mtembo sunabwere, ndiye akuluakulu anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda mmene amaikira munthu. Mayi anameta, anavala zakuda, anakana amuna mpaka ukalamba. Ine ndakhala ndikulambula manda amenewo chaka ndi chaka. Mwana wanga woyamba atayamba ntchito, malipiro ake oyamba anagula simenti kumangira agogo ake chiliza. Lero mukundiuza kuti tinkalirira nthochi, mwini wake akudya ndi mkazi wina ku Halale?"

Ndinati pepani. Liwu limeneli linali laling'ono kwambiri, koma lina ndinalibe.

"Tsono mwabwera kudzatani?"

Ndinafotokoza za a Gerisomu, za imfa yawo, za mawu amene anasiya. Ndinaika jumbo ija pamphasa pakati pathu. Sanaikhudze.

"Kuno mwana ndi wa mayi," anatero. "Akagone kwa amayi ake."

"Kwa amayi akeko amati mwana ndi wa bambo," ndinayankha. "Moyo wake wonse ankamuuza kuti kwanu ndi ku Malawi."

"Ndiye vuto limenelo ndi langa? Manda athu alandira kale bodza limodzi. Tikakwiriremonso nsalu?"

Apa ndinaona kuti zakanika. Ndinaganiza za msewu wonse uja, kutsika nawo phiri, kuwauza pakamtsinje kalikonse kuti tikubwerera, kwanu akukanani. Misozi inayamba kutsika yokha. Ndinawauza mayiwo kuti ine sindinabwere kudzawateteza a Yotamu, sindikuwadziwa. Ndinabwera chifukwa cha munthu amene anandipezera abale pamene iye analibe, ndipo sanalandire kanthu.

Nkhungu inali itayamba kutsika m'munda mwawo. Kenako mayi Esinati anafunsa motsitsa, osandiyang'ana.

"Kumeneko, bambowo ankanditchula? Mwana wawoyo ankadziwa kuti kuno kuli Esinati?"

Bodza linali pafupi, pamlomo penipeni, ndipo likanandithandiza. A Kumwenda anandiyang'ana ngati akundipempha kuti ndilinene. Koma mayi ameneyu anali atanamizidwa mokwanira.

"Ayi, mayi. A Gerisomu anafufuza zaka zambiri, koma sankadziwa kuti ali ndi mlongo. Ankafunsa bambo awo za kumudzi, bambowo n'kumangotuluka panja."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti anatimana tonse awiri," anatero. "Ine anandimana bambo, uyu anamumana mudzi."

Anapukuta manja pachitenje, anakoka jumbo ija n'kung'amba selotepi ndi mano. Anatulutsa jekete, anaimirira, n'kuligwira m'mapewa kulitambasula. Linawafika m'mawondo. Analiyang'ana kutsogolo, analitembenuza, anayeza dzanja lake ndi mkono wawo.

"Anali wamtali chonchi?"

Ndinati pazithunzi ankaposa aliyense.

"Nanga ine ndinkadabwa kuti ana anga utali anautenga kuti. Onse amagunda mutu pakhomo apa."

A Kumwenda anafunsa mwaulemu ngati tingakaonane ndi adzukulu kuti akonze za kumanda.

"Kumanda kwa chiyani?" anatero mayi Esinati. "Munthu sanamwepo madzi a pamudzi pano, sanaone adzukulu a bambo ake, inu mukufuna akagone kuthengo lero lomwe? Za kumanda tidzakambirana ife eni ake, ana anga akabwera. Ayambe walowa m'nyumba."

Analipinda jeketelo pamkono mmene amanyamulira mwana wogona, n'kulunjika pakhomo. Ine ndi a Kumwenda tinatsala pamphasa, sanatiitane. Atafika pachitseko anaima, ndipo ndinawamva akuyankhula motsitsa.

"Weramani, achimwene. Khomo lathu ndi lalifupi."